Musanamutche waulesi, taonani kaye khasu limene mwamupatsa

Sabata siipita osamva mawu awa pa wailesi, m'minibasi kapena pa Facebook: ogwira ntchito kuno kwathu ndi aulesi. Akangoti aphunzitsi akufuna kunyanyala ntchito, kapena wina wadikira tsiku lonse pachipatala osaonana ndi dokotala, kapena fayilo ya penshoni yasowa ku likulu, oimba foni onse amagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti vuto lili mumtima mwa wantchitoyo. Akuluakulu nawo ali ndi mawu awo okometsera nkhani yomweyo. Amati tisinthe kaganizidwe, ndipo m'masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, kusintha kaganizidwe kunaikidwa poyamba pa zinthu zoti zithandize dziko kutukuka. Ine ndikukana. Sindikukana kuti aulesi alipo, alipo ndithu ndipo ena ndimawadziwa. Chimene ndikukana n'chakuti ulesi ndiwo gwero la vutoli. Kagwiridwe ntchito ka munthu kamaumbidwa kwambiri ndi malo amene akugwirirapo: zipangizo zimene wapatsidwa, malipiro ndi tsiku limene amafika, bwana womuyang'anira, komanso chilungamo pokweza anthu. Wolemba anthu ntchito amene sanakonze zimenezi, kaya ndi boma, kampani, tchalitchi kapena mwini golosale, alibe pakamwa potchulira mnzake waulesi.

Umboni woyamba tili nawo m'mabanja mwathu momwe. Ndi mudzi uti ku Mzimba, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay umene ulibe mwana wake ku Joni? Mnyamata yemwe kuno tinkamunena kuti amangokhala pa bawo, akafika ku Johannesburg kapena ku Cape Town amadzuka mbandakucha, kugwira ntchito m'munda wa maluwa, m'sitolo kapena pa filingi siteshoni mpaka usiku, ndipo mabwana a kumeneko amachita kufunsana ngati wina akudziwa Mmalawi wofuna ntchito. Mbiri imeneyi si ya lero. Agogo athu anapita ku migodi kudzera ku Wenela ndi Theba, ena ku mapulazi ndi migodi ya ku Zimbabwe, ndipo kulikonse anasiya dzina la anthu olimbikira. Anamwino athu amene anasamukira ku Britain sanabwezedwe kuti ndi aulesi. Ndiye funso n'lakuti: chimasintha n'chiyani munthu akaoloka pa Mwanza kapena pa Dedza? Magazi ndi omwewo, makolo ndi omwewo, sukulu imene anaphunzira ndi yomweyo. Sindikunena kuti moyo wa ku Joni ndi wokoma, ambiri amazunzika, amagona mothinana, amakhala mwamantha. Koma kumeneko munthu amadziwa zinthu ziwiri: akagwira ntchito sabata yatha ndalama ibwera, ndipo chida chogwirira ntchitoyo achipeza pamalopo. Ngati kaganizidwe ka munthu kamatha kusintha pa ulendo wa basi wa masiku awiri, ndiye kuti si kaganizidwe kamene kanali kodwala.

Tsopano tione malo amene munthu yemweyo amagwirira ntchito akakhala kuno. Ndiyamba ndi mphunzitsi, chifukwa ndiye amene timamunyoza kwambiri zotsatira za mayeso zikatuluka. M'chaka cha 1994 boma litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo ambiri mwa ife tinadziwa kulemba dzina chifukwa cha chimenecho. Koma zipinda, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke mofanana ndi anawo, ndipo mpata umenewo sunatsekedwe mpaka lero. Boma lenilenilo limati mphunzitsi mmodzi aziyang'anira ana 60, komabe m'sukulu zambiri Sitandade 1 ndi 2 mumapeza ana oposa 100, ena pansi pa mtengo, mvula ikagwa sukulu yatha. Taganizani mayi mmodzi, choko chimodzi, ana 120 a zaka zisanu ndi chimodzi okhala pansi, buku limodzi ana asanu. Kuti achonge kope la mwana aliyense kwa mphindi imodzi yokha, pafunika maola awiri. Akaweruka apite kunyumba ya lendi makilomita angapo chifukwa pasukulupo nyumba za aphunzitsi ndi zitatu, aphunzitsi ali khumi. Mayi ameneyu akayamba kungolemba pabolodi n'kukhala pansi, tinene kuti wabadwa waulesi? Ine ndikuona munthu amene anayesa kwa zaka zingapo, n'kuphunzira kuti khama lake silisintha kanthu m'chipindamo.

N'chimodzimodzi ndi namwino amene ali yekha usiku m'wodi ya amayi oyembekezera, magetsi azima, jenereta ilibe mafuta, magolovesi atha, akuunikira ndi tochi ya foni. N'chimodzimodzinso ndi kalaliki wa ku ofesi ya boma amene amakuuzani kuti netiweki yagwa, bwerani mawa. Timamukwiyira, ndipo mkwiyowo ndi womveka chifukwa tawononga ndalama ya basi. Koma nthawi zambiri netiwekiyo imakhala itagwadi. Mlangizi wa zaulimi wopanda njinga yamoto sangayendere midzi makumi awiri ndi mapazi, ndipo wapolisi amene amakupemphani mafuta a galimoto kuti akaone pamene paberedwa si nthawi zonse pamene akukuberani, kawirikawiri galimotoyo imakhaladi youma. Aliyense amene analimapo amadziwa kuti khasu lobuntha limatopetsa kawiri ndipo mzere sutha. Palibe mlimi wanzeru amene amapatsa waganyu khasu lotero n'kumayembekeza ndime yofanana ndi ya mnzake wa khasu lakuthwa.

Chachiwiri ndi malipiro, ndipo pano ndikufuna kutsindika mbali imene anthu ambiri saiona. Timakonda kukangana za kuchuluka kwa malipiro, koma chimene chimaononga ntchito mwakachetechete ndi kusadalirika kwake. Munthu wolandira zochepa koma pa 25 mwezi uliwonse amatha kupanga mapulani: lendi, chimanga, fizi. Munthu amene sadziwa ngati alandire pa 27 kapena pa 10 mwezi winawo amathamangira kwa a katapila, ndipo akangolowa kumeneko malipiro ake amakhala a wina asanafike. Onjezeranipo kugwa kwa Kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi minibasi inakwera tsiku lomwelo koma malipiro anatsatira mochedwa ndiponso moperewera. Kodi wantchito amachita chiyani zikatero? Amayamba kageni. Mphunzitsi amatsegula patitaimu, namwino amakagwira usiku ku chipatala cha munthu, kalaliki amagulitsa kaunjika m'makonde a ofesi, mlonda amagona pantchito chifukwa masana anali pa kabaza. Thupi lili pantchito, mutu uli ku ngongole. Ine ndinagwirapo pamalo ena pamene tinkakhala miyezi iwiri osalandira, ndipo ndikukumbukira bwino kuti m'masiku amenewo nkhani ya m'mawa sinali ya makasitomala, inali yofunsana kuti kodi akulu aja akubwereketsa pa chiwongoladzanja chanji. Tinali anthu omwe aja amene chaka chapitacho tinkaweruka usiku osadandaula. Ndipo palinso kuba kwina kumene sikuonekera msanga: lamulo la penshoni la 2011 linati bwana aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, koma banki yaikulu ya Reserve yakhala ikudandaula chaka ndi chaka za mabwana amene amadula ndalamayo osaitumiza. Wantchito akazindikira zimenezi, mumayembekeza kuti akhulupirike kwa yemwe akumubera ukalamba wake?

Chachitatu, chimene kwa ine chimaposa zina zonse ngakhale sichifuna ndalama, ndi bwana ndi chilungamo chake. Pali ogwira ntchito amene akhala pa giredi imodzi zaka khumi kapena kuposerapo, akuona amene anawaphunzitsa ntchito akuwadumpha chifukwa ndi mlamu wa wakuti, ndi wa kwawo kwa bwana, kapena ndi wa chipani. Pali maofesi amene maulendo a kunyanja, a semina ndi alawansi, amazungulira pa anthu asanu omwewo, pamene ntchito yeniyeni ikugwiridwa ndi otsala. Pali mabwana amene sanayamikepo munthu, amangoonekera pakalakwika, ndipo amakalipira bambo wa ana anayi pamaso pa makasitomala ngati mwana. Wantchito si chitsiru. Amaona chimene chimalipidwa pamalopo, n'kuchita chomwecho. Akaona kuti wolimbikira amangoonjezeredwa ntchito pamene wonyambita bwana akukwezedwa, amaphunzira kunyambita kapena amangodzikhalira chete, kugwira pang'ono poti asachotsedwe. Izi timazitcha ulesi, koma ndi phunziro limene ofesiyo yamuphunzitsa mwezi ndi mwezi. Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo.

Tsopano ndimve otsutsa, ndipo ali ndi mfundo zolemera. Oyamba amati: zonsezi ndi zifukwa chabe, ifeyo timawaona ndi maso anthu osiya jekete pampando n'kusowa tsiku lonse, anamwino otukwana odwala, akalaliki osewera pa foni mzere uli panja. Amaonjezera kuti m'chipatala chomwecho chopanda magolovesi muli namwino wina wachifundo amene amagwira ntchito mokhulupirika, ndiye vuto lingakhale bwanji malo? Mfundo iyi ndi yoona mbali imodzi, ndipo sindingateteze namwino wotukwana mayi amene ali pa ululu wa kubereka. Kusowa kwa magolovesi sikupatsa munthu chilolezo cha mwano. Koma taonani zinthu ziwiri. Choyamba, wa jekete uja amasowa tsiku lonse chifukwa palibe amene amamufunsa. Bwana wake mwina nayenso wasiya jekete, kapena sanamuuzepo kuti sabata ino ntchito yako ndi iyi ndipo Lachisanu ndidzaiona. Kusayang'anira ndi mbali ya malo ogwirira ntchito, ndipo ndi udindo wa wolemba ntchito. Chachiwiri, namwino wokhulupirika uja alipodi, tiyenera kumuthokoza, koma dziko silingamange zipatala zake pa anthu ochepa amene amapirira chilichonse. Anthu ambiri si oyera mtima ndipo si oipa, ali pakati, amatsata kumene mphepo ya pamalopo ikuwomba. Ntchito ya oyang'anira anthu ndi kukonza malo kuti munthu wamba wa pakatiyo agwire bwino. Ndipo funsani za okhulupirika aja pakatha zaka zisanu: ambiri amakhala atatopa, atapita ku mabungwe omwe si aboma, kapena atakwera ndege.

Achiwiri amati: mukunena zoona, koma ndalama zili kuti? Dziko ndi losauka, misonkho ndi yochepa, ngongole za boma zikudya gawo lalikulu la bajeti, ndipo makampani akulimbana ndi kusowa kwa ndalama zakunja, mafuta ndi magetsi. Mwini fakitale amene akuyendetsa makina ndi dizilo sangakwezenso malipiro. Apa ndikuvomera kuti thumba ndi lochepa, ndipo sindili m'gulu la amene amaganiza kuti boma lili ndi chitsime cha ndalama. Komabe yankho langa lili pawiri. Mbali yaikulu ya zimene ndatchula sizifuna ndalama yatsopano. Kulipira pa tsiku limene munalonjeza ndi ndalama yomweyo. Kukweza anthu motsata luso ndi ndalama yomweyo, mwasintha dzina lokha la wolandira. Kuuza munthu chimene mukuyembekeza kwa iye, kumumvetsera akanena kuti makina akuchucha, kumuyamikira pamaso pa anzake, zonsezi ndi zaulere. Mbali inayo ndi yakuti ndalama zochepazo timaziika pati. Mu Febuluwale 2021, zitadziwika kuti K6.2 biliyoni ya ndalama zolimbana ndi Covid-19 inagwiritsidwa ntchito molakwika, yambiri kudzera m'maalawansi, a Lazarus Chakwera, pulezidenti pa nthawiyo, anapatsa wachiwiri wawo, malemu a Saulos Chilima, ntchito younika zinthu zitatu: maalawansi, kagulidwe ka katundu wa boma, ndi makontirakiti a ntchito. Lipoti linaperekedwa m'mwezi wa Meyi chaka chomwecho koma anthu wamba sanapatsidwe kuti aliwerenge. M'chaka chomwecho aphunzitsi ananyanyala ntchito pofuna alawansi ya chiopsezo cha matendawa. Ndiye pamene wina akuti ndalama palibe, mphunzitsi wa kumudzi ali ndi ufulu wofunsa kuti za semina ya ku Mangochi zimachokera kuti. Mtengo wa wokishopu imodzi ya masiku atatu ungagule magolovesi angati?

Achitatu ndi ochenjera kwambiri, ndipo mfundo yawo ndimailemekeza. Amati ndalama sizisintha munthu. Amene anaba pa Cashgate mu 2013 sanali osauka kwambiri m'boma, ndipo pali mabungwe a boma olipira bwino amene ntchito yawo ndi yomvetsa chisoni. Mukamukweza lero, pakatha miyezi itatu wazolowera, wabwerera m'khalidwe lake. Izi ndi zoona, ndipo akatswiri a za kayendetsedwe ka anthu pantchito anaziona kalekale. Frederick Herzberg, amene anafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 ku Pittsburgh m'dziko la America, anafalitsa zotsatira zake mu 1959 ndipo anagawa zinthu pawiri. Malipiro, malo abwino, malamulo a kampani ndi kayang'aniridwe, zikasowa munthu amanyansidwa ndi ntchito, koma zikakhalapo sizimupangitsa zokha kuikonda. Chimene chimamupatsa moto ndi kuona zipatso za ntchito yake, kuyamikiridwa, kupatsidwa udindo ndi kukwera. Koma taonani kuti izi sizikutsutsa mfundo yanga, zikuilimbitsa, chifukwa magulu onse awiriwo ali m'manja mwa wolemba ntchito. Ine sindinanene kuti kwezani malipiro basi. Ndanena zinthu zingapo zoyendera pamodzi. Bungwe lolipira bwino koma lolemba anthu mwa chibale, lopanda womufunsa mnzake, lidzalephera ndithu. Koma musatembenuze mfundoyi kuti ikhale chifukwa chomana mlonda malipiro okwanira thumba la chimanga. Munthu wanjala simungamulimbikitse ndi satifiketi ya wantchito wabwino wa mwezi.

Ndipo tili ndi chitsanzo chathuchathu chosonyeza kuti zinthu zikakonzedwa pamodzi anthu amasintha. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zipatala zathu zinatsala pang'ono kugwa: Edzi inali itatenga ogwira ntchito ambiri, anamwino ankapita ku Britain chaka ndi chaka, ndipo zipatala zina za m'maboma zinalibe dokotala ngakhale mmodzi. Mu 2004 boma, mothandizidwa ndi Britain ndi thumba la Global Fund, linayamba ndondomeko yapadera ya zaka zisanu ndi chimodzi. Linaonjezera 52 peresenti pa malipiro a magulu 11 a ogwira ntchito zaumoyo, linakulitsa sukulu zophunzitsa anamwino ndi madokotala, ndipo linaitana ena amene anali atasiya ntchito kuti abwerere. Pofika 2009 chiwerengero cha ogwira ntchito zaumoyo chinali chitakwera ndi pafupifupi theka, ndipo ndi m'zaka zomwezo pamene ma ARV anafalikira m'dziko lonse. Palibe amene anaitanitsa msonkhano wosintha kaganizidwe ka anamwino. Anasintha zimene namwino amapeza akafika pantchito ndi pakutha pa mwezi.

Achinayi salankhula pa wailesi kawirikawiri, koma mawu awo aliyense wogwira ntchito m'sitolo, m'fakitale kapena pakhomo pa munthu anawamvapo: ngati sukufuna, chipata ndi icho, panja pali anthu zikwi akufuna malo ako. Maganizo awo ndi akuti m'dziko la ulova ngati lathu, mantha okha ndi okwanira kugwiritsa anthu ntchito. Ndivomere kuti mantha amagwira ntchito pa zinthu zina. Amamufikitsa munthu pa 7 koloko, amamuimiritsa bwana akalowa. Koma mantha sagula zinthu zimene zimapindulitsa bizinesi. Wantchito wamantha sakuuzani kuti makina ayamba kulira mwachilendo, amadikira aphulike kuti asanenedwe kuti waononga ndi iye. Sakuuzani kuti mnzake akutulutsa katundu usiku. Samwetulira kasitomala. Ndipo akapeza mpata amadzilipira yekha, paja amati mbuzi imadya pamene aimangirira. Mwini sitolo amene amasintha antchito miyezi itatu iliyonse amaganiza kuti akupulumutsa ndalama, saona zimene akutaya pophunzitsa atsopano, pa katundu wosweka ndi makasitomala osabwerera. Kumayambiriro kwa 2025, a Vitumbiko Mumba ali nduna ya zantchito anayendera mafakitale modzidzimutsa, ena n'kuwatseka, ndipo dziko lonse linaona pa mafoni anthu akugwira ntchito opanda zodzitetezera, zimbudzi zosayenera munthu. Ambiri anadabwa, koma ogwira ntchito m'malo amenewo sanadabwe. Malamulo analipo kale: la chitetezo ndi umoyo pantchito la 1997, ndi la ntchito la 2000 limene limati sabata ya ntchito isapitirire maola 48, maola oonjezera alipidwe, ndipo munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka komanso asanamvedwe mbali yake. Chimene chinasowa ndi oyendera okwanira, okhala ndi galimoto ndi mafuta. Apanso taonani: ngakhale woyendera malo a ntchito amalephera ntchito yake chifukwa cha malo ake a ntchito.

Otsiriza ndi amene ndimagwirizana nawo pa cholinga koma timasiyana pa njira. Amati mankhwala ndi kuyeza: makina osainira ndi chala pakhomo, mafomu ounikira kagwiridwe ntchito chaka ndi chaka, makontirakiti a zimene unduna ukwaniritse. Kuyambira pamene ntchito yokonzanso kayendetsedwe ka boma inakhazikitsidwa mu Febuluwale 2015, taona maunduna ndi makhonsolo akusainira malonjezo otere. Kuyeza n'kofunika, ndipo ine ndikufuna kuti waulesi weniweni adziwike, achenjezedwe, akapanda kusintha achotsedwe motsata lamulo. Palibe chimene chimafooketsa wolimbikira kuposa kuona mnzake wosagwira kanthu akulandira chimodzimodzi. Koma sikelo siinenepetsa mbuzi. Makina a chala amakuuzani kuti munthu analowa nthawi yanji, sakuuzani ngati anapeza pepala mu printa. Fomu imene bwana amadzaza mothamanga, aliyense n'kupatsidwa "wachita bwino", ndipo palibe wokwezedwa kapena wodzudzulidwa chifukwa cha iyo, imangoonjezera ntchito ya mapepala. Kuyeza koona kumayenda mbali ziwiri. Bwana akafunsa kuti bwanji sunafike midzi khumi, mlangizi akhale ndi malo pa fomu yomweyo olembapo kuti mafuta a njinga anabwera kamodzi m'miyezi itatu, ndipo yankho limenelo likwere mpaka kwa amene amagawa mafuta, nayenso ayankhe.

Apa ndi pamene ndikufuna kulankhula ndi a ofesi yoona za ogwira ntchito, amene ambiri timangowatcha a HR. M'malo ambiri ofesi imeneyi yasanduka yolemba makalata a chenjezo, yowerenga masiku a tchuthi ndi yokonza za maliro. Wantchito akaitanidwa kumeneko mtima umagunda. Koma ndi ofesi yomweyi imene ili ndi mabuku onse osonyeza pamene pakudwala. Ikudziwa dipatimenti imene anthu amasiya ntchito kawirikawiri, ndipo ikafufuza ipeza kuti akuthawa bwana mmodzi. Ikudziwa mwezi umene anthu amajomba kwambiri, ndipo ikayerekeza ipeza kuti ndi mwezi umene malipiro anachedwa. Ikudziwa amene akhala pa giredi imodzi kuyambira kale, ndi amayi angati amene sanabwerere atapita kukachira chifukwa panalibe wowamvetsa za mwana wa miyezi iwiri. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko: ogwira ntchito amadziwa chimene chikuwalepheretsa, ndipo akafunsidwa mopanda kuopsezedwa amatchula zinthu zazing'ono zodabwitsa, nyale ya pakhonde, sopo wa kuchimbudzi, ndandanda ya mashifiti yotuluka msanga kuti munthu adziwe tsiku loperekeza mwana ku sikelo. Wa HR wolimba mtima amatenga zimenezi n'kukaziika patebulo la akuluakulu, pamodzi ndi mtengo wa kuzinyalanyaza, ngakhale akudziwa kuti uthenga wotere sukondweretsa.

Ndipo nkhaniyi isathere ku Capital Hill ndi ku mafakitale a ku Kanengo ndi Makata, chifukwa ambiri mwa ife amene timaimba foni pa wailesi ndife mabwana kwathu. Tili ndi mtsikana wantchito, mlonda, mnyamata wa m'munda kapena wogulitsa pa okala. Mtsikanayo amadzuka 5 koloko, amagona onse atagona, alibe tsiku lopuma, malipiro ake timamupatsa tikakumbukira, mwina titadulapo mbale imene inasweka. Mlonda timamupatsa chibonga chokha, opanda tochi, opanda jasi mwezi wa Juni, kenako tikamupeza akuodzera timauza anzathu kuti anthu a masiku ano safuna ntchito. Sabata ino, musanadandaule za kalaliki wa ku boma, mufunseni mlonda wanuyo kuti masana amagona kuti ndiponso maola angati, ndipo muone pa kalendala tsiku limene munamulipira mwezi watha.